Makodi Anayi pa Chala Chimodzi

"Dzanjalo linafa, alamu! Linafa! Kapena ndikuuzeni m'Chingerezi kuti mumve?"

Anandikalipira choncho m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, momwe timasungira mayunifomu a kwaya, anthu asanathe n'komwe kutuluka m'tchalitchi. Wokalipayo anali achimwene ake a mkazi wanga, mkulu wampingo, yemwenso ndi wapampando wa kwaya. Ine ndinali nditapanira laputopu m'khwapa, chingwe chake chikukhwekhwereza pansi.

"Lafa ndi lanu?" ndinayankha. "Inu manja onse awiri ndi amoyo, koma zaka zonsezi munaimbapo chiyani? Kuwomba m'manja kumene mumaphonya."

"Mwatukwana m'nyumba ya Mulungu. Pamaso pa apongozi a mwana wanu."

"Ndatukwana makina."

"Sipika imasankha? Anthu amva makina akutukwana kapena amva inu?"

Mkazi wanga anali ataima pakhomo, atagwira buku la nyimbo pachifuwa ndi manja awiri. Sanayang'ane ine, sanayang'ane achimwene ake.

"Loweruka simuimba," anatero alamu, tsopano motsitsa mawu. "Mwanayo ndine malume wake. Ndanena."

Loweruka limenelo unali ukwati wa mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, ndipo kwa miyezi isanu ndinali ndikukonzekera chinthu chimodzi chokha, kumuimbira kiyibodi polowa m'tchalitchi.

Ndinayamba kuimba m'tchalitchi chimenecho ndevu zisanamere bwino. Sukulu ndinalekezera Fomu 4, ndipo nyimbo ndinaziphunzira ndi khutu komanso do-re-mi wa pabolodi. Pa kiyibodi dzanja lamanja limayenda ndi nyimbo, lamanzere limagwira makodi, ndiye kuti mawu atatu olira pamodzi amene nyimbo imatsamira. Popanda lamanzere nyimbo imayenda motsimphina. Aliyense amamva kuti pali chosowa, ngakhale amene sadziwa kuti chasowa n'chiyani.

Pakati pa sabata ndimagwira ntchito kudoko, kulemba katundu wokwera m'maboti a matabwa opita kuzilumba. Tsiku lina ndikukangana ndi wonyamula katundu wina amene anaunjika matumba a simenti ponyowa, ndinatsamiritsa dzanja lamanzere m'mphepete mwa doko osayang'ana. Funde linakankha boti. Anthu amati ndinamaliza kaye kumutukwana munthuyo ndisanakuwe, ndipo sindikutsutsa. Zala zitatu zinapindika, sizinawongokenso. Chinatsala ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, nachonso chofooka.

Kuchipatala mwana wanga ankabwera masana aliwonse akaweruka kusukulu komwe amaphunzitsa. Tsiku lina anandipeza nditatembenukira kukhoma, ndikukana kudya. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Adada, musatero. Ukwati wanga mudzaimba ndinu." Nthawi imeneyo analibe ndi chibwenzi chomwe. Anali mawu oti wodwala adye. Ine ndinawatenga ngati pangano losainirana.

Zaka ziwiri ndinakhala pabenchi ndi anthu ena onse. Masabata wamba kwaya inkaimba ndi ng'oma yokha, kiyibodi itaphimbidwa ndi nsalu. Pa maukwati ndi pa zikondwerero ankaitanitsa bambo wina wa ku Mzuzu, woimba bwino ndithu, koma wothamanga ngati minibasi ikumusiya. Ndinkamva cholakwa chilichonse. Ndinkabwera kunyumba mutu ukuwawa, ndipo wolandira mkwiyo anali mkazi wanga, amene sanalakwe chilichonse.

Ndili ndi mnzanga pamsika wa paboma, Mtumbuka wa kumtunda, wokonza mafoni ndi mawailesi. Ndi wa msinkhu wanga, wolankhula pang'onopang'ono moti nthawi zina umafuna kumumalizira chiganizo. Atamva kuti mwana wanga wapeza mwamuna, anandikodola ndikudutsa, n'kutulutsa laputopu yakale pansi pa tebulo. Mwini wake anaisiya kalekale osabweranso.

"Dada, khalani apa. Onani ichi."

M'pulogalamu imene anatsegula munalibe kanthu. Tsamba loyera basi. Umaika wekha timabokosi, n'kulembamo ntchito yake, kenako n'kukoka kachingwe kuchoka kunsi kwa kabokosi kena kukafika pamwamba pa kanzake. Uthenga umatsika m'zingwemo ngati madzi m'mipope. Kabokosi kena kamangomvetsera mabatani. Ukadina A kamatulutsa 97, ukadina S kamatulutsa 115. Kena kamalandira nambalayo n'kuisankhira njira. Kena kumunsi kamatulutsa mawu. Iye analumikiza atatu otulutsa mawu ku chingwe chimodzi, n'kudina kamodzi. Do, mi ndi so zinalira pamodzi m'kasipika ka wailesi ya munthu wina.

Mayi wina anabwera kudzatenga foni yake, anapita, ine maso ali pa timabokosi tija.

"Nyimbo zathu zambiri zimayenda pa makodi angati?" anafunsa mnzangayo.

"Atatu. Zovuta, anayi."

"Ndiye mabatani anayi."

Ndinaikonda pulogalamuyo chifukwa inali ngati ntchito ya kudoko. Ichi chipite uko, ichi chikwere apa, ichi chidikire. Kusiyana kwake, timabokosi sitiyankha mwano.

Koma mnzangayo sanafune kuti ndizidina mabatani a laputopu. Anandipatsa padi, kanthu kaja ana amagwira posewera mpira wa pa TV m'tinyumba ta magemu. Nditaigwira ndinachita mantha, chifukwa inalowa m'dzanja langa lopindikalo ngati anachita kundiyeza. Zala zitatu zakufazo zinaikumbatira kunsi, chala chachikulu chinagwera pakati pa mabatani anayi. Padi ilibe nkhani zambiri. Ukadina imatumiza 1, ukasiya imatumiza 0. Wani, mawu alire. Ziro, mawu aleke. Pa sabata imodzi ndinali nditamanga zonse, Do, Fa, So ndi La, ndipo ndinaimba nyimbo yathunthu pakhonde, dzanja lamanja pa kakiyibodi kanga kakale, padi pa bondo. Mkazi wanga anatuluka m'khitchini manja ali ndi ufa, anaima, kenako anabwerera msanga.

Lachinayi masana ndinapita nazo kokonzekera kwaya. Ndinalumikiza laputopu ku ampu, bokosi lokweza mawu opita ku masipika, ndinavundukula kiyibodi ya tchalitchi, ndinatulutsa padi m'thumba. Amayi a alito anayamba kugwedezana zigongono.

Alamu anaweramira pafupi, manja kumbuyo. "Zili zingatizingati, alamu? Mwagoletsa?"

Anthu anaseka. Pachilamu kunyozana n'kololedwa, ndipo iwo ndi ine tanyozana kuyambira tsiku limene ndinakafunsira mlongo wawo. Ndikanangoyankha kuti ndikudikira penate, bwenzi zitathera pompo.

"Tiyeni tiimbe," ndinatero.

Tinaimba ndime imodzi. Inayenda bwino, ndikunena zoona, inayenda bwino kwambiri. Itatha alamu anati, "Zikumveka, sindikukana. Koma tsiku la ukwati apongozi adzaona bambo wa mkwatibwi, munthu wa imvi, akusewera gemu kutsogolo kwa guwa. Tidzawauza kuti chiyani? Kuti akudikira ana aweruke?"

Ulendo uno anaseka ndi a besi omwe. Ndinazula padi ija ndi chingwe chake n'kuiponya kukhoma. Inang'aluka pakona. Ndinanyamula katundu wanga n'kutuluka, wina kumbuyo akuti, "Ada, n'zocheza chabe!"

M'mawa mwake ndinali pamsika. "Chotsa za ana izi. Ndizidina mabatani a laputopu. Munthu akamadina laputopu amaoneka ngati ali pantchito."

Mnzangayo anatembenuza padi ija, kuyang'ana mng'alu. "Ikugwirabe ntchito iyi."

"Sindinafunse zimenezo."

"Dada, mverani. Padi ili ndi msewu wakewake wopita ku pulogalamu. Kaya pa sikirini pabwere chiyani, uthenga umafika. Mabatani awa n'ngosiyana. Amapereka uthenga kwa amene waima kutsogolo pa sikirini nthawi imeneyo. Kukatulukira china kutsogolo, uthenga wanu wapita kwa icho."

"Chitulukira n'chiyani? Laputopu ndatsegula ndine."

"Yayi, zimatulukira zokha. Ndiye tiikepo kabokosi kowerenga nthawi, koti mawu akalira motalika kwambiri kazizimitsa kokha."

Apa ndinali ndi yankho, ndipo mpaka lero ndimati linali lanzeru. Kwathu kuno sitiimba ngati pa wailesi. Pothera pa ndime amayi a m'mabenchi akutsogolo amakoka liwu lomaliza mpaka mpweya uwathere, ndipo mpweya wawo suthera pamodzi sabata ndi sabata. Ikakhala nyimbo yotsekera amakoka kwambiri. Kukakhala alendo amakoka mopitirira, kuti alendowo adziwe. Woimba kiyibodi amagwira mpaka womaliza atasiya. Ukasiya msanga wawachititsa manyazi, ndipo adzakukumbutsa pamaliro ako.

"Kabokosi kakoko kadziwa bwanji kuti mpweya wa amayi watha?"

Anaganiza, n'kuvomera kuti sikangadziwe.

"Ndiye usandiphunzitse kuimba. Iwe konza mafoni."

Anandisinthira zingwe. A akhale Do, S akhale Fa, D akhale So, F akhale La. Padi anaiika m'chikwama changa ndisakuona. Ndinaipeza kunyumba n'kuiponya pamwamba pa kabati.

Mabatani anandionetsa khalidwe lawo tsiku lomwelo. Poyesa pamsika ndinkangogogoda, monga munthu wosaleza mtima amachitira. Kunyumba nditagwira A motalika ngati pothera ndime, mawu anayamba bwino, kenako n'kuyamba do-do-do-do-do, ngati injini ya boti yokana kulira. Mkazi wanga ankayanika chinangwa pathandala. Anakweza mutu.

"Yatengera inu imeneyo. Mukakwiya mumachita chibwibwi chomwecho."

Sindinabwerere kumsika. Manyazi. Ndinalumikiza kabokosi koonetsa nambala kuti ndione chimene chikutsika m'chingwe, ndipo ndinaona 97, 97, 97, osalekeza. Laputopu anaipangira anthu olemba makalata. Ukagwira chilembo imaganiza kuti ukufuna zilembo zambiri, ndiye imabwereza. Pulogalamu nayo 97 aliyense inkamuyesa chala chatsopano, n'kuyambiranso mawu.

Zinanditengera masabata atatu, masana aliwonse ndikaweruka kudoko. Ndinapeza kuti pali kabokosi kachiwiri, kamene sikamvetsera kudina koma kusiya. Chala chikadzuka pa A, kamatulutsa 97 wakewake. Ndiye ndinamanga chipata. 97 woyamba akalowa, mawu amayamba, chipata n'kutsekeka, obwereza onse n'kutsalira panja. Mawu amalira, amalira, mpaka kabokosi kachiwiri kanene kuti chala chadzuka. Pamenepo mawu amaleka, chipata n'kutsegukanso. Ndinamanga zipata zinayi, batani lililonse chake. Tsamba loyera lija linadzaza zingwe zopingasana ngati ukonde woti usokedwe, koma ine chingwe chilichonse ndinkadziwa kumene chikuchokera.

Tsiku limene zinatheka ndinagwira A mpaka chala chinachita dzanzi, mawu ali phee, osagwedera. Palibe anandithandiza. Chichitikire ngozi ija sindinanyadepo ngati tsiku limenelo. Sindinaganize n'komwe kuti zonse ndazikoloweka pa uthenga umodzi, woti chala chadzuka, ndipo kuti uthengawo ukapanda kufika palibenso china chimene chingawauze mawuwo kuti aleke.

Alamu ankafuna bambo wa ku Mzuzu uja. Mkazi wanga anapita kwawo kawiri. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma anabwera ndi yankho: ndiimbe Lamulungu lomaliza ukwati usanachitike, mapemphero onse. Zikayenda, Loweruka ndi langa.

Lamulungu limenelo ankalengeza ukwati kachitatu, ndiye akuchimuna anatsika kuchokera ku Mzuzu, minibasi yodzaza. Anawakhazika kutsogolo, mbali imene kuli kiyibodi. Bambo ake a mkamwini wanga ndi mphunzitsi wopuma, wa tayi ndi mpango m'thumba la jekete. Ndinaika laputopu pa kampando kumanzere kwanga. Ampu ndi masipika a tchalitchi zimayendera batire la sola. Laputopu ndinailumikiza ku soketi ya pakhoma, ya magetsi wamba, chifukwa ndi imene inali pafupi. Batire lake ndinkalidziwa kuti n'lotha, ukangoichotsa pamagetsi imayamba kudandaula. Koma magetsi analipo. Kutsogolo kwa pakamwa panga anandiikira maiki, poti woimba kiyibodi ndi amene amapatsa kwaya liwu loyambira.

Nyimbo yoyamba maso anali pa mabatani. Yachiwiri ndinasiya kuwayang'ana. Pofika yachitatu ndinaiwala kuti pali laputopu. Chala chinkapita chokha, Do, Fa, Do, So, ndipo mpingo unatsamira pa makodi anga monga unkachitira kale. Amene sanaimbepo sangamvetse. Umamva anthu mazana akukhala pa dzanja lako. Nthawi ya zopereka ndinakweza maso ndipo mwana wanga anali akundiyang'ana kuchokera pakati pa azakhali ake. Alamu, kumbali kwa kwaya, ankagwedeza mutu motsatira nyimbo, ataiwala kuti sakufuna.

Nyimbo yotsekera, ndime yomaliza, liwu lomaliza. Ndinatsitsa chala pa A. Amayi akutsogolo anakoka. Kunali alendo, ndiye anakoka ndithu, wina akasiya wina akadali nalo, mpaka kunatsala mayi mmodzi wa mawu opyapyala, maso ali otseka. Nthawi imeneyo ndi imene magetsi anazima. Palibe anadziwa. Anali masana, mababu anali osayatsa, masipika anapitiriza ndi batire lawo. Pa sikirini panatulukira kauthenga kotuwa, pamwamba pa timabokosi tanga, konena za batire.

Mayi uja anasiya. Ndinadzutsa chala.

Do anapitiriza kulira.

Abusa anali atakweza kale manja kuti adalitse mpingo. Anadikira. Anthu anali ataweramitsa mitu. Do, mi ndi so zinadzaza tchalitchi chonse, mokweza, mosagwedera, monga ndinazimangira. Ndinadinanso A. Palibe. Ndinadinanso. Kauthengako ndinakaona, koma magalasi anali m'thumba la malaya, ndipo mutu wanga sunalumikize. Abusa anatsitsa dzanja limodzi n'kundiyang'ana. Wina kumbuyo anatsokomola. Mitu inayamba kudzuka benchi ndi benchi.

Ndinamenya mabatani ndi chikhatho cha dzanja lamanja. Chikhathocho chinagunda batani lalitali la kunsi, kauthenga kanachoka, ndipo nthawi yomweyo Fa, So ndi La zinakuwa pamodzi pamwamba pa Do. Mwana wina wakhanda analira. Ndikakweza dzanja zitatuzo zinkaleka, Do n'kutsala. Ndikamenya zinkabweranso. Chimene chinkafunika pamenepo chinali chaching'ono: kudina A kamodzi n'kumusiya, kuti pulogalamu imve uthenga umene inkadikira. Koma ine ndinali nditasiya kudina. Ndinkamenya, ndipo chikhatho chinkagwera pakati, A osamukhudza.

Kenako ndinatukwana. M'Chitonga, mawu a kudoko, aja otchula mayi wa munthu. Sindiwalemba pano. Maiki inali chala chimodzi kuchoka pa milomo yanga.

Alamu anayenda kuchoka kukwaya, osathamanga, anawerama n'kuzula chingwe changa ku ampu. Bata limene linagwa linali loipa kuposa phokosolo. Abusa anadalitsa mpingo ndi mawu ochepa kwambiri. Sindinayang'ane kumene kunali mwana wanga.

Ndi mmene tinapezekera m'kachipinda kaja. Alamu atanena kuti Loweruka sindiimba, ndinawauza kuti mwanayo ndinabereka ndine, iwo ntchito yawo n'kudya mpunga pa maukwati a ana a eni. Ndinawauza zinanso, za ukulu wampingo wawo ndi mmene anaupezera, zinthu zimene ndinazisunga zaka zambiri ndipo zina mwa izo si zoona. Iwo anangovula magalasi n'kumawapukuta.

Chitseko chinagogodwa. Anali bambo ake a mkamwini, chipewa chili m'manja.

"Pepani, ndalowerera. Ndimati ndingotsanzika." Anandigwira dzanja lamanja ndi manja awo onse awiri. "Dada, musadandaule. Makina ndi makina. Ndipo mwayesetsa, poganizira mmene zinthu zilili." Maso awo anatsikira pa dzanja langa lamanzere n'kubwerera msanga.

Kunyozedwa ndi alamu ndimakudziwa poyankha pake. Apa ndinasowa. Ndinati zikomo. Ine, zikomo.

"Tiyeni kunyumba," anatero mkazi wanga.

Masana amenewo magetsi atayaka ndinakhala pakhonde ndi laputopu. Ndinagwira A, n'kuzula chingwe cha magetsi ndi dzanja linalo. Kauthenga kanatulukira. Ndinadzutsa chala. Do anapitiriza. Ndinachotsa kauthengako, kudina A, kusiya. Analeka. Ndinabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ngati munthu wokanda chilonda. Nthawi zonse chimodzimodzi. Uthenga woti chala chadzuka unkapita kwa kauthenga ka batire, kamene kanalibe nawo ntchito, pulogalamu yanga n'kumadikirabe kumbuyo.

Kenako ndinakwera pampando n'kutsitsa padi pamwamba pa kabati. Inali ndi fumbi ndi ndowe za mphemvu. Zingwe zake zakale m'pulogalamu zinali zikadalipo pakona, mnzanga sanazifufute. Ndinazilumikiza. Ndinadina batani ndi chala chachikulu, Do analira. Ndinazula magetsi, kauthenga kanatulukira. Ndinasiya batani.

Analeka. Pompo, mwaukhondo.

Ndinayesanso, mwina ndalakwitsa. Analeka. Ndinakhala ndi kanthu kong'aluka kaja m'dzanja, ndikuyang'ana nkhuku zikupalasa pansi pa thandala. Munthu anandiuza. Anandiuza ndi mawu osavuta, pang'onopang'ono, ndipo ine ndinamuuza kuti akonze mafoni. Zonsezi chifukwa amayi anayi a alito anagwedezana zigongono.

Komabe mtima wa munthu ndi wopusa. Pasanathe ola ndinali nditayamba kuwerenga masiku. Lolemba, Lachiwiri, mpaka Lachisanu. Padi ndikhoza kuibisa pansi pa nsalu pa bondo. Laputopu ndiilumikize ku batire la sola. Maiki aichotse. Ndinaitana mkazi wanga.

"Taona. Ndapeza pamene panavuta. Taona, ndikazula apa..."

Anaona mpaka ndinamaliza. Anali atavula za kutchalitchi, atamanga chitenje chakale.

"Ndaona. Mwakonza."

"Ndiye upite kwa achimwene ako."

"Ndinapita kawiri. Kachitatu ndikanene chiyani? Kuti makina mwakonza?" Anatola mbale imene inali pansi. "Anthu sakukamba za makina, bambo. Phokoso lija bwenzi ataliseka n'kuiwala pofika Lachitatu."

"Ndiye ndizingokhala? Ndinamulonjeza mwanayo."

"Munamufunsapo?"

"Kumufunsa chiyani? Ananena yekha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza ngati n'koyenera kutaya mawu. "Azakhali ake atumiza uthenga. Akuti chibwerere kutchalitchi sanadye." Analowa m'nyumba.

Sabata imeneyo mwana wanga ankagona kwa mlongo wanga ku Chikale, kumene amayi ankamulangiza za banja. M'mawa mwake ndinadzuka, ndinasamba, ndinaika laputopu, padi ndi kasipika m'chikwama. Ndinkati ndikamuonetse yekha. Akaona ndi maso ake kuti mawu akuleka, akawauza amalume ake, ndipo iwo sangakanire mkwatibwi. Ndinayenda wapansi, kudutsa kudoko osaima, kukwera chitunda n'kutsikira kutsidya. Njira yonse ndinkayeseza zoti ndikanene.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, amayi asanu atazungulira mphasa, akusankha miyala mu mpunga wa paukwati. Ankaseka nkhani ina. Atandiona analeka. Mlongo wanga anandipatsa mpando. Mwana wanga anasansa manja, anabwera n'kugwada patsogolo panga.

"Mwadzuka bwanji, adada?"

Sanayang'ane nkhope yanga. Ankayang'ana chikwama. Kachingwe ka padi kanali katatulukira pa zipi, ndipo maso ake anali pamenepo, mapewa atakwera ngati munthu wodikira jekeseni. Ndinamuonapo akundiyang'ana choncho ali wamng'ono, ndikabwera kudoko nditakangana ndi anthu, iye n'kumamvetsera mmene ndatsekera chitseko. Ndinkayesa zinatha kalekale.

Mawu onse amene ndinayeseza m'njira anali pakamwa. Ndinakankhira chikwama pansi pa mpando ndi chidendene.

"Ndikukabweza kwa mwini wake izi. Uwauze amalume ako aitane munthu wa ku Mzuzu uja. Amuuze lero, asapeze kuti wena amutenga."

"Chabwino, adada."

Anayankha msanga kwambiri. Mapewa anatsika. Kenako, ngati wazindikira kuti wafulumira, anati, "Koma munaimba bwino. Nyimbo zoyamba zija."

"Ndikudziwa."

"Mwamwa tiyi?"

Ndinati ndamwa. Ndinanyamula chikwama, ndinatsanzika amayi aja, n'kubwerera njira yomweyo. Ndisanafike pamsewu ndinamva kuseka kutayambiranso kuseri kwa nyumba, ndipo mawu ake analimo.

Pamsika mnzanga anali akutsegula kumene, akupachika mawaya pa msomali. Ndinatulutsa laputopu ndi padi n'kuziika patebulo pakati pa mafoni akufa. Nkhani ya kutchalitchi anali ataimva, tauni ino ndi yaing'ono, koma sanaitchule. Anatsegula laputopu, n'kuyang'ana zipata zanga zinayi nthawi yaitali, chala chake chikutsata zingwe pa sikirini.

"Mwamanga nokha izi?"

"Ndekha."

"Yavuta pati?"

"Palibe pamene yavuta."

Anafuna kunena china, koma pa liwiro lake lolankhulira ndinali nditafika kale pa mulu wa tomato. Ndinatsikira kudoko. Boti lina linali litayamba kukweza malata popanda wolemba, ndiye ndinatulutsa buku ndi cholembera n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamene anafika.